A Kamwendo ndi Njoka Yosakula

Uthenga wa maliro a bambo Eliya Kamwendo unandipeza ndili pa ntchito, ndikumanga bala pa phazi la mayi wina wa shuga. Foni inanjenjemera m'thumba, ndipo nditatuluka mu wodi ndinapeza gulu lathu la pa foni la Amalawi a ku Doha litadzaza kale ndi mapepeso. Amwalira kwawo ku Ntcheu atangodwala pang'ono. Chaka chinali chisanathe chichokereni kuno. Ndinakhala pa benchi ya odwala n'kulira ngati mwana, yunifolomu ili m'thupi, mpaka nesi mnzanga wa ku India anabwera kudzandigwira paphewa n'kufunsa ngati womwalirayo anali bambo anga. Ndinati inde. Sindinaname kwenikweni.

Pa gulupo aliyense analemba zake. Wina anati anali munthu wa Mulungu, wina anati ndi amene anamuphunzitsa kuyendetsa galimoto kumanja kwa msewu, ambiri anakumbukira chakudya. Za njoka sanatchule ndi mmodzi yemwe. Chifukwa chake ndikuchidziwa: kwathu munthu sumuyamika pa maliro ndi njoka. Koma ine ndikati ndiwakumbukire a Kamwendo n'kusiya kanjoka kaja, ndiye kuti ndikukumbukira munthu wina.

Anali dalaivala wa banja lina ku Al Messila, ndipo ankagona m'kachipinda ka pafupi ndi geti. Kuno ambiri ndife ana: anyamata olondera m'nyumba zitalizitali za ku West Bay, operekera zakudya m'mahotela, ndi ochepa ngati ine a m'zipatala. A Kamwendo anali ndi imvi, choncho dzina loti Mdala linawakhala popanda wopikisana nawo. Asanabwere kuno anayendetsa malole zaka zambiri, njira ya ku Beira ndi ya ku Durban, ndipo msana wawo unapindika molingana ndi mpando. Ine anayamba kunditchula Nabanda tsiku loyamba lomwe. Dzina langa lenileni ndikukayika ngati analidziwa.

Lachisanu ndilo tsiku lopuma kuno. Tikatuluka ku mapemphero, amene tinali pa ofu tinkakathera kwa Mdala, ena pa bedi, ena pansi, ena pa khomo. Moni wawo sunali wa m'manja. Ankakugwira pamkono, pamene pamakhala wotchi, n'kuzunguliza chala chachikulu ndi chapakati. Zalazo zikakumana, unali mlandu.

"Iwe, kampani yako ikukudyetsa mphepo kodi?"

Kenako mbale imatera pamwendo pako: mpunga wosefukira, nkhuku, buledi wopyapyala uja wa Aluya, ndi tiyi wa mkaka wa shuga wambiri moti supuni ikanatha kuimirira. Ukamaliza ankawonjezera. Ukati wakhuta ndiye wawaputa. Ankakonda kunena kuti munthu wanjala ndi amene amafulumira kunena kuti wakhuta, chifukwa njala imayenda ndi manyazi. Ankatinso njala ilibe phokoso, ndipo mwana amene wangokhala phee pakona ndi woyenera kumuopa kuposa amene akulira. Ife tinkangoseka n'kumasula malamba. Tinkayesa ndi ukalamba chabe.

Ine ndi iwo tinkakangana pafupifupi sabata iliyonse, ndipo sindibisa, pakamwa panga si pochedwa. Ndinkawauza kuti adzatipha tonse ndi shuga. Iwo ankati a ku chipatala timadana ndi munthu wonenepa chifukwa satipatsa ntchito. Ndinawabweretsera makina oyezera kuthamanga kwa magazi, iwo n'kuwaika pamwamba pa kabati kuti asade. Mkangano ukafika pachimake ankangoti, "Khalasi, zatha, Nabanda, idyani," nkhani n'kuthera pomwepo.

Njokayo inali ya Yusufu, mwana wa bwana wawo. A Kamwendo anamupeza ali mnyamata wa sukulu, ndipo anamunyamula m'galimoto mpaka anamera ndevu. Itafika nthawi yoti Yusufu akapitirize maphunziro ku Ulaya, mayi ake ananenetsa kuti chinthucho sichigona m'nyumba mwawo mwini wake kulibe. Yusufu anagogoda pa kachipinda ka pa geti. Munthu amene anakula akupha ndi khasu njoka iliyonse yodutsa pabwalo anavomera, chifukwa mwanayo anali kulengeza misozi. Bokosi lagalasi linalowa n'kutenga malo a tebulo.

Ndi mtundu wa nsato wa ku Amereka, azungu amati boa. Dzina lake linali Lulu, koma Mdala ankati a Lulu, mwaulemu, ngati mlendo wa m'nyumba. Kanali kokongola, ndivomere: kotuwa mofiirira, ndi mawanga ngati a chitenje chosuluka, kumchira kofiira pang'ono. Kutalika kwake, munthu utakaimika, sikakanapitirira pachifuwa. Yusufu anawafotokozera zonse asananyamuke. Pansi pa bokosi pazikhala potentha mbali imodzi. Aziwazamo madzi, chifukwa makina oziziritsa m'nyumba amaumitsa mpweya. Chakudya ndi khoswe mmodzi wa mu filiji, womuviika m'madzi ofunda, kamodzi pa milungu ingapo, osapitirira apo. Ndipo anawauza kuti asadabwe akaona kuti sikakukula. Abale ake a kumtunda amatalika ngati galimoto, koma aka n'ka mtundu wa pa kachilumba kena kumene chakudya n'chochepa, ndipo mtundu wonsewo ndi waung'ono chibadwire.

A Kamwendo anagwedeza mutu n'kuti inshala. Koma pa zonse zimene mwanayo ananena, anatolapo mawu oti chakudya n'chochepa, n'kuwasunga.

Lachisanu loyamba titapeza bokosilo, Madalitso, mlonda wina wa ku Kasungu wokonda nthabwala, anaima pa khomo mwendo umodzi uli kunja.

"Mdala, ndiye mwayamba zokhwima? Tiuzeni tidziwe, tisamangodya mpunga wanu osadziwa source."

"Njoka ikanakhala yobweretsa chuma, bwenzi ndikutsuka galimoto ya munthu wina pa msinkhu uno? Yala, lowa, ukutulutsa AC."

Madalitso analowa, koma anadya atafulatira bokosi. Patapita miyezi anali iyeyo wopempha kuti amujambule a Lulu ali pamkono, ngakhale analumbiritsa aliyense kuti chithunzicho chisafike ku Kasungu. Mdala nawo anazolowera msanga kuposa mmene tinkaganizira. Ankaseka makoswe a mu filiji aja, oyera ngati agwera mu ufa, n'kumati ku Ntcheu mwana wokumba mbewa atabwera ndi zoterezi akhoza kumubweza kumunda. Madzulo akaweruka ankatulutsa a Lulu, n'kuwasiya aziyenda pa mkono ndi paphewa, iwo akuwauza mmene misewu inadzazira. M'nyumba ya eni ake munthu umakhala tsiku lonse ukumva yala, yala, kukufulumizitsa basi, popanda wokufunsa kuti wadzuka bwanji. Ndikuganiza kuti kanjokako kanawachotsa kusungulumwa kumene ife a Lachisanu sitinkakuona.

Chimene sanazolowere ndi msinkhu wake. Tsiku lina ndinawapeza akuviika khoswe, pamene Lachisanu lapitalo ndinawaona akuviika wina.

"Bambo, si paja anati kamodzi pa milungu ingapo?"

"Anatero mwana. Mwana amadziwa chiyani za kulera?"

Ndinatulutsa foni n'kuwawerengera zimene odziwa njoka analemba, ndikumasulira m'Chichewa. Zinali zomwe zija ananena Yusufu, kuwonjezerapo kuti ukaidyetsa pafupipafupi imanenepa m'kati n'kufa msanga. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali pa maondo.

"Nabanda, inu a ku chipatala, mwana akamadya pang'ono n'kusakula mumati watani?"

"Timati wapinimbira."

"Basi. Pa chilumbapo anapinimbira onse, agogo ake, amake, iyeyu. Azungu apeza njala n'kuipatsa dzina lokongola kuti agulitse. Yusufu akamabwera adzapeza a Lulu atakula."

"Koma uyu si mwana, bambo, ndi njoka!"

"Ali ndi pakamwa."

Ndinapsa mtima tsiku limenelo, ndipo ndinachoka tiyi ndisanamalize. Lachisanu lotsatira anandilandira ndi khungu limene a Lulu anafundula, atalitambasula ndi manja awiri, nkhope ili ngwee. Ndinawauza kuti khungu lofundula limatanuka, limaoneka lalitali kuposa mwini wake. Anati nsanje basi. Analipinda bwinobwino n'kuliika mu kabati.

Zinapitirira choncho kupyola chaka. Yusufu akaimba, ankamuonetsa a Lulu pa foni, mwanayo n'kumati akuoneka onenepa, Mdala n'kuyankha kuti ndi kamera. Makoswe owonjezera ankakagula okha ku sitolo ya ziweto. Ine ndinalankhula mpaka ndinatopa. Munthu wamkulu sungamulande khoswe m'manja.

Tsiku limene ndinawadziwa kwenikweni a Kamwendo linali la m'chilimwe cha kuno, pamene dzuwa limaotcha ngakhale chitsulo cha lamba wa m'galimoto. Anandiimbira masana.

"Nabanda, muli pa duty?"

"Ndili pa ofu, bambo. Kwagwanji?"

"Bwerani. A Lulu asanza."

Mawu awo anali oti sindinawamvepo. Ndinakwera takisi. Fungo linandilandira pa khomo, fungo loti ngakhale ine wozolowera zam'chipatala ndinagwira mphuno. Khoswe anali atabwerera yense, wowola theka. A Lulu anali atagona chotambalala, osadzipinda, ndipo Mdala anali atagwada pansi, nkhope ili pa galasi. Ndinawauza kuti ine ndi nesi wa anthu, apa pafunika dokotala wa ziweto. Anapempha galimoto kwa bwana, tinaika a Lulu m'nsalu ya pilo, tinanyamuka. Munthu amene sankadutsa liwiro ngakhale bwana atakalipa, tsiku limenelo anathamanga moti ndinachita kumugwira mkono.

Dokotalayo anali mayi wodekha. Anaigwira njokayo, n'kutionetsa mmene khungu linkaonekera pakati pa mamba, ndi mapindi a mafuta chakumchira. Anafunsa kuti imadya kangati. A Kamwendo ananena zoona. Mayiyo sanakalipe. Anati iyi ndi njoka yaikulu kale, sidzatalika kuposa apa ngakhale mutaipatsa mbuzi, ndipo chakudya chonse chowonjezeracho chikukaunjikana pa chiwindi. Anati aipumitse, kenako abwerere ku muyezo wakale, ndipo mwina ikhoza kuchira. Mtundu umenewu ukasamalidwa umakhala zaka zambirimbiri.

Titatuluka, analiza galimoto koma sanainyamutse. Anakhala atagwira chiwongolero, pilo uja ali pamiyendo panga.

"Ndinali ndi mwana wamkazi," anatero. "Esinati."

Ana awo ndinkawadziwa mayina onse, anyamata atatu. Dzina ili ndinali ndisanalimvepo.

Chinali chaka cha njala ija, pamene anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi. Iwo anali pa msewu, kunyumba ankafikako mwa apo ndi apo, n'kusiya kangachepe kamene kankagawidwa pa khomo la anthu ambiri. Ulendo wina atafika anaona kuti Esinati, wa zaka zitatu, akuchepa poyerekeza ndi mnzake wobadwa naye mwezi umodzi. Anafunsa. Apongozi awo anati mwanayu ndi wamng'ono chibadwire, watengera agogo ake amene anali aafupi. Mlongo wawo ananena zomwezo. Akazi awo anangoyang'ana pansi. Mwanayo sankalira, ankangokhala pa khonde osasewera, tsitsi litafiira. Anamunyamula n'kumufunsa ngati ali ndi njala, ndipo kamwanako kanati kakhuta.

"Ndinakhulupirira, Nabanda. Zinali zosavuta kukhulupirira. M'mawa mwake ndinakwera lole kupita ku Beira. Mukudziwa chimene ndinkakatenga? Chimanga. Lole yodzaza chimanga cha eni ake. Ndinadutsa nacho pa Ntcheu pomwepo osaima, ndikuthamangira nthawi. Pobwerera ndinapeza atafotsera kale."

Sanalire. Ine ndi amene ndinkanyowetsa pilo.

"Mawu amenewo ndinawamva kamodzi, oti wamng'ono chibadwire, ndinavomera. Ndiye mwana wa bwana aimirira pakhomo panga n'kunena omwewo. Ine ndivomerenso?"

"Bambo, a Lulu si Esinati."

"Ndikudziwa. Mutu ukudziwa bwinobwino. Manjawa ndi amene sakumva."

Pa ntchito yanga ndaona ana otere ambiri ku sikelo ndisanabwere kuno, ndipo ndimadziwa zonena kwa makolo awo. Tsiku limenelo zonse zimene tinkaseka zija, kugwira pamkono kuja, kukana kuja kuti munthu wakhuta, zinandibwerera m'maganizo. Ndinangowapempha kuti alonjeze kutsata zimene dokotala wanena. Analonjeza, n'kunyamutsa galimoto pang'onopang'ono.

Anayesetsa, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike. Anatenga makoswe onse n'kukawapereka kwa mayi wophika wa m'nyumbamo kuti awatsekere mu filiji ya kukhitchini, aziwapatsa mmodzi nthawi ikakwana. Kwa miyezi ingapo a Lulu anapepukidwa, anayambanso kukwera pa nthambi ya m'bokosi. Koma vuto la nyama imeneyi ndi loti sikana chakudya. Ukatsegula chitseko imadzutsa mutu, imabwera pa galasi, kalilime kali lawilawi, ngakhale itadya dzana. Ndi chibadwa chake basi. Kwa munthu wina aliyense zimenezi si kanthu. Kwa a Kamwendo kunali kupemphedwa chakudya madzulo aliwonse, m'chipinda chawo chomwe, ndi kanthu kakang'ono kosalankhula. Moyo wawo wonse ankalimbana ndi anthu onena kuti takhuta. Tsopano anapeza wosanena.

Sindidziwa tsiku limene anayambiranso kupita ku sitolo ija. Ndinangoona kuti asiya kundiyang'ana m'maso ndikafunsa za a Lulu, ndipo Lachisanu bokosi linkakhala lofunditsidwa nsalu, ati kuti phokoso lathu likuwasokoneza. Ndinavundukula tsiku lina iwo atatuluka. Mapindi aja anali atabwerera. Tinakangana kunja kwa geti, mkangano woipa kuposa yonse. Ndinawauza kuti akupha chinthu cha mwini wake. Anati ndilibe mwana, sindingamvetse. Tonse tinalasana pamene pamapweteka, ndipo Lachisanu lotsatira tonse tinachita ngati sitinanene kanthu.

A Lulu anafa m'nyengo yozizira, Yusufu atatsala pang'ono kumaliza maphunziro. Anasanza kawiri motsatizana, kenako kwa nthawi yoyamba anakana khoswe. Dokotala uja anayesa zimene akanatha. Mdala anawapeza m'mawa atazizira pambali pa mbale ya madzi. Anamuimbira okha Yusufu n'kumuuza zonse, osabisa kanthu, osanamizira matenda. Mwanayo anangoti, "Mafi mushikila, baba Eliya," kutanthauza kuti palibe vuto, akabwera adzagula ina. Bwana sanawadule malipiro, mayi a m'nyumba mwina anapumira m'mwamba. Palibe anawakalipira, ndipo ndikuona kuti zimenezo ndi zimene zinawapweteka kwambiri. Anakumba kadzenje kuseri kwa mpanda, pansi pa mtengo wa mandimu, n'kukwirira okha.

Lachisanu lotsatira tinapita monga mwa nthawi zonse. Anaphika. Anatipatsa moni wa m'manja, ngati anthu ena onse. Madalitso atamaliza mbale yake ananena mwachizolowezi, akumwetulira, akudikira nkhondo ija.

"Ndakhuta, Mdala."

"Chabwino," anatero a Kamwendo, n'kuvundikira poto.

Madalitso anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Mnyamata uja, amene sindinamuonepo wopanda nthabwala, anatambasula mbale n'kunena kuti ayi, amanama, awonjezere pang'ono. Mdala anamupatsa chipande kuti adzipakulire yekha.

Ndimakumbukira tsiku limene ndinawaona koyamba, nditangofika kumene ku Doha. Ndinali nditakhala pandekha kunja kwa malo opempherera, ndikuganiza zobwerera kwathu mwezi womwewo. Mkulu wina wamtali anaima patsogolo panga n'kufunsa m'Chichewa ngati ndadya. Sanafunse dzina, sanafunse kwathu, zimenezo zinabwera pambuyo. Ndinati ndadya. Anati bodza, n'kunditengera kwawo pamodzi ndi gulu lonse. Zaka zonse zimene ndakhala kuno zinayambira pa bodza limenelo ndi munthu amene analikana. Choncho kumuona akuvundikira poto kunandiwawa kuposa kufa kwa njoka.

Kontilakiti yawo itatha anakana kuwonjezera. Bwana anawanyengerera, Yusufu atabwera anawapempha, koma anati msana watopa. Tinawaperekeza ku bwalo la ndege ine ndi Madalitso. Anali atachepa thupi moti jekete linkangolendewera. Ndinawagwira pamkono mmene ankachitira iwo, ndipo zala zanga zinakumana. Ndinangowapatsa malangizo amodzi.

"Mukakafika muzikadya, bambo."

"Nabanda," anatero, "ndinapatsa pang'ono, anafa. Ndapatsa zambiri, wafa. Muyezo wake ine sindiudziwa."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza pamaso. Pa foni tinkangopatsana moni ndi kukamba za mvula. Nditaimba kukapepesa maliro, akazi awo anandiuza kuti chibwerereni ankakonda kukhala pa khonde kuonerera adzukulu akudya, osalankhula, osawonjezera, ndipo iwo eni ankangolawa n'kukankha mbale. Mayiwo anandifunsa ngati kunoko kunachitika china chake. Ndinati anatopa ndi ntchito. Za njoka sindikanatha kuwafotokozera pa foni, anthu akulira kumbuyo kwawo.

Mkwiyo ndili nawo, sindikana. Ndimakwiyira njala ija, imene inapha mwana kalekale n'kutsatira bambo ake mpaka kuno, kudziko kumene chakudya chimatayidwa m'mabini usiku ndi usana. Ndimawakwiyiranso iwowo chifukwa cha kusamva kwawo. Kenako ndimakumbukira kuti kusamva komweko ndi kumene kunatilera tonsefe, ndipo mkwiyowo umasanduka chisoni basi.

Lachisanu lapitali ndinapita ku Al Messila kukauza a m'nyumba muja kuti dalaivala wawo wakale anatisiya. Mayi wophika uja analira, kenako anatenga kiyi n'kunditsegulira kachipinda ka pa geti. Dalaivala watsopano amagona kwina, choncho simukhala munthu. Bedi anachotsa, kabati anachotsa, bokosi lagalasi Yusufu anapatsa mnzake. Mwatsala mabotolo a madzi osanjikizana pakona ndi matayala awiri akale. Makina oziziritsa ndi ozimitsa, ndipo mpweya wake ndi wotentha, wonunkha fumbi. Ndinadabwa kuti tinkakwanamo bwanji anthu onse aja.

Ndikutuluka ndinaona timizere ta pensulo m'munsi mwa khoma, pafupi ndi simenti, pamene kale pankabisika ndi bedi. Ndinafunsa mayi uja. Anati ankawaona Mdala akuika njokayo pansi kuti iyende motsatira khoma, mchira ukafika pakona iwo n'kulemba pamene pafika mutu. Ndinagwada kuti ndione bwino. Timizereto n'tambiri, tina takuda, tina tofufutika, ta miyezi ndi miyezi. Tonse tili pamalo amodzi. Ndinaikapo chala changa chachikulu ndipo chinatiphimba tonse.